Mikanda Yanga pa Khoma la Lozha

Selina, ndinakuona dzulo kuseri kwa khitchini. Unkayesa kuti ndagona pampando paja? Ine masana sindigona, ndimangotseka maso kuti anthu amasuke, ndione zimene amachita. Unaimika foni pamtondo, n'kubwerera m'mbuyo katatu, n'kupinda chiuno ngati wathyoka msana ndi mtolo wa nkhuni, milomo n'kuitosa kutsogolo ngati mbuzi yofuna tsamba la pamwamba. Nditakufunsa, ukuti ndi mpikisano wa kampani, akasankha mtsikana woti nkhope yake ikakhale pa chikwangwani cha pamsewu wa ku Mokuba. Ndinakufunsa kuti mwini kampaniyo ndi mwana wa yani. Unangotola foni yako n'kulowa m'nyumba.

Ndiye ndagula kaderno uyu, buku lolembamo. Ndikulemba ndekha ndi dzanja langali, chifukwa munthu wokulembera amachotsa zimene sizikumukomera n'kuikamo zake. Kukuuzani pakamwa ndakana, mumamvera ndi khutu limodzi, linalo lili ku foni. Muwerenge nonse ana inu: iwe Selina, iwe Fatima, ndi inu anyamata amene mukuona ngati nkhani ino si yanu. Ndi yanu kwambiri.

Ine ndinakula osaidziwa bwino nkhope yanga. Kalilole kwathu kunalibe, tinkadziona m'madzi a mumtsuko, ndipo madzi akagwedezeka mphuno inkapita kukhutu. Chithunzi choyamba cha mkazi chimene ndinaona chinali m'kantina ya Mpwitikizi wina pamsika wa kwathu, njira ya ku Mongue. Inali kalendala: mzungu wamkazi atagona pamchenga, botolo la mowa m'manja, atavala tinsalu tiwiri tosakwana n'kumangira mchere komwe. Abambo ankalowa kukagula ndudu imodzi n'kutha ola lathunthu. Amayi anga akandituma ankati, "Mwanaka, maso pa sikelo, osati pakhoma." Ankanena zoona, poti sikelo ija inkaba.

Ufulu utabwera Mpwitikizi uja anathawa, kantina inasanduka lozha, sitolo ya anthu onse, ya povo, monga tinkanenera. Tsiku limene anatsitsa kalendala ija ndinalipo. A Bonifasiyo, sekeretariyo wa chipani m'dera lathu, anaikweza m'mwamba pakhonde n'kufuula kuti, "Mkazi si katundu! Kugulitsa mowa ndi thupi la mkazi, abasho!" Tonse tinayankha, "Abasho!" ndiko kuti zigwe pansi. Amayi analulutira. Ndisaname, ndinasangalala, ndinali wa msinkhu wako Selina. Koma maso angawa anayamba kale ntchito yawo. Ndinaona kuti kalendala ija sanaiotche. Anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'thumba la malaya. Ndipo msomali wake unatsala pakhoma.

Ndinaima pang'ono apa, ndinamva chitseko cha khola. Inali mphepo. Komabe nkhuku ndaziwerenga.

Masiku amenewo tinkalima munda wa onse, mashamba a povo, kawiri pa sabata. Inu simudziwa khasu, mumadziwa timakasu ta m'sitolo topindika mukangomenya mwala. Athu ankasula a Mponda kuchokera ku chitsulo cha galimoto yakufa, mpini wake wolemera, ukaugwira chaka chimodzi zikhatho zinkauma ngati chikopa cha ng'oma. Tinkapita kumunda titadya makaka ophika, mwina kalongonda ngati wina anapirira kumuphika dzulo lake tsiku lonse n'kumataya madzi. Fatima, iwe ukuti kalongonda amanunkha. Sunamve njala.

Pagulu lathu wolima kuposa onse anali Tereza, mkazi wamasiye wa ana anayi. Anali ndi mphini m'masaya monga amayi ambiri a Chilomwe a nthawi imeneyo, ndipo mano awiri akutsogolo anali atachoka. Ife tikamatha mzere umodzi iye anali pa wachitatu, mwana ali kumsana. Ine ndinali wapakatikati. Mtima wanga sunali kumunda, unali kumsika, pansi pa mtengo wa bulugamu moyang'anana ndi lozha, pamene mnyamata wina dzina lake Arimando ankakonzera njinga. Ankhoswe athu anali atakumana kale. Anagwirizana kuti tikathyola nandolo, Arimando adzalowa m'mudzi mwathu.

Tsiku lina m'mawa tili kumunda kunabwera galimoto ya boma. Munatsika bambo wamtali wa magalasi, wochokera ku Kelimane, kabokosi kojambulira kali pakhosi. Chinyanja sankachidziwa, Chilomwe ayi, ndiye ankamasulira anali Mayi Zita, amene ankatsogolera amayi m'chipani.

"Imani mzere!" anatero Mayi Zita. "Akufuna kujambula mkazi watsopano wa dziko lino. Wolimbika kuposa onse."

Tonse tinaloza Tereza. Iye anaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Bambo uja anamuyang'ana kamodzi, anapukusa mutu, analankhula Chipwitikizi chothamanga.

"Akuti mphini ndi za makedzana, sizingapite m'pepala," anatero Mayi Zita.

Kenaka anayamba kuyenda pamzere paja monga amayendera ogula mbuzi. Uyu kumukweza chibwano, uyu kumuzungulira kumbuyo. Anafika pa ine n'kuima.

"Mayi Zita, inetu ndangofika kumene, ndinachedwa kumtsinje. Sindinalime ngakhale mzere."

"Khala chete iwe. Ndi ulemu umenewu, anzako akuufuna."

Bulauzi yanga inali yong'ambika paphewa, ndiye bambo uja anaikana. Anavula mwana wa Mayi Zita, kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri, n'kundiveka yake. Inandithina ngati chikopa cha soseji ya azungu, ndipo inkangofika pamene kapulana, nsalu ya m'chiuno, amayambira. Khasu langa analikananso, ati ndi lakale. Anatulutsa m'galimoto latsopano, losanola, losakhudzapo dothi. Anandiimika pachulu, dzuwa kumaso.

"Akuti kweza khasu m'mwamba, manja onse. Seka. Yang'ana kuphiri."

Ndinakweza. Iye akuti, "Mais! Mais!" kutanthauza kuti onjeza. Ndinaonjeza. Pamenepo ndinamva mphepo ikundikhudza pamimba. Ndinamva Tereza akutsokomola dala, nditaponya diso ndinamuona akukoka nsalu yake m'chiuno kundipatsa chizindikiro. Ndinafuna kutsitsa manja. "Usagwedezeke!" anakuwa Mayi Zita. Kabokosi kaja kanalira katatu.

Galimoto itapita ndinawatsatira. "Mayi, mikanda yanga inatuluka."

"Iwe, kabokosi kakang'ono ngati kaja kangaone mkanda? Usatichititse manyazi ndi zaumbuli."

Apa ndiyenera kukufotokozerani, poti masiku ano mumagula mikanda pamsika n'kuivala pamwamba pa jinzi ngati lamba. Kwa ife mikanda ya m'chiuno unkapatsidwa kuchinamwali, ndi amayi amene anakulangiza, ndipo ankakumanga okha. Mtundu uliwonse unali ndi uthenga wake kwa mwamuna wa m'nyumba: wofiira wake, woyera wake. Zambiri sindilemba, anyamata akuwerenga nawo. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mikanda sankaiona mwamuna wina aliyense, ngakhale mlongo wako, ngakhale wokutomera, mpaka tsiku lolowa m'nyumba. Mkazi wosamba kumtsinje akamva mapazi, choyamba kubisa sichinali mabere ayi, chinali mikanda. Mabere ankaonedwa tsiku lililonse poyamwitsa, panalibe wotembenuka. Bambo wa ku Kelimane uja zimenezi sankazidziwa. Kapena ankazidziwa. Mpaka lero sindinamalize kuganiza.

Mvula inatha, chimanga tinakolola, ndinaiwala. Nandolo atayamba kuuma kunamveka kuti ku lozha kwabwera mchere. Ndinapita ndi kambale kanga kukaima pamzere. Ndinadabwa kuti abambo onse akundiyang'ana, ena akugundana zigongono. Nditalowa ndinadziona.

Ndinali pakhoma, pa msomali womwe uja, pepala lalikulu ngati chitseko cha nkhokwe. Nkhope yanga ndinaiona bwino koyamba tsiku limenelo, ndipo inali yokongola, ndisakane. Khasu m'mwamba, phiri la Tumbine kumbuyo. Pansi panalembedwa mawu a Chipwitikizi onena za mkazi womasuka. Ndipo pakati pa bulauzi ndi kapulana, mchombo wanga, ndi mizere ya mikanda, mkanda uliwonse kuoneka paokha moti ukhoza kuuwerenga.

Muzikumbukira kuti m'lozha munalibe katundu. Sopo kunalibe, shuga kunalibe, mashelefu anali mbee. Chinthu choyang'ana m'menemo ndinali ine ndekha.

Chithunzicho chinali chakuda ndi choyera basi, za mitundu zinali zisanafike. Ndiye abambo anapeza ntchito. Sanasiye ngakhale ine mwini ndili pomwepo.

"Ndi yofiira imeneyo," anatero a Kaphesi, mdala wina wosoka nsapato.

"Mwakalamba maso, a Kaphesi. Yofiira pa foto imada. Yoyera iyi."

"Mizere ingati? Itatu?"

"Inayi, wina wabisala. Tayandikirani."

Wina anaika chala. Patapita sabata ziwiri, pepala lonse linali loyera bwino, koma pamalo pamenepo linada ndi zala.

Ndinatuluka wopanda mchere. Pofika Lamlungu ndinali ndi dzina latsopano: Mikanda ya Povo. Ana ankaliimba ndikamadutsa. Musaganize kuti anali amuna okha. Pachitsime amayi ankasiya kulankhula ndikafika, ndikatembenuka n'kumva, "Anakweza dala bulauzi, ankafuna a ku Kelimane amutenge." Onenawo anali pamzere tsiku lija, anaona ndi maso awo bulauzi ya mwana ikundivekedwa. Ndi chifukwa chake mumandiona ndikukana ndiwo za anthu. Mumati agogo ndi okayikira. Eya, ndine.

Kenaka kunabwera uthenga wochokera kwa amalume ake a Arimando, amene anali nkhoswe yake: tidikire kaye, mwana wathu sangalowe kwa mkazi amene mudzi wonse wamuwerenga m'chiuno. Amayi anga anangokhala pansi pabwalo. Ine ndinathamanga kukamudikira Arimando panjira ya kwawo.

"Ine ndilibe nazo mawu, Luiza, ndi akuluakulu amenewo," anatero, akusisita chishalo cha njinga. "Chikangochoka chija pakhoma, zonse zitheka. Ndikukufunabe ine."

Ndinamukhulupirira. Lembani penapake, agogo anu anakhulupirirapo munthu.

Amalume anga a Sipiriyano anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kupita kwa a Bonifasiyo, chipewa m'manja. Anabwerako msanga.

"Akuti chithunzi ndi cha boma," anatero. "Akuti m'malo mothokoza kuti mwana wathu wakwezedwa, tikubweretsa maganizo a makedzana. Akutinso wochichotsa ndi mdani wa povo."

Mawu amenewo, mdani wa povo, simukuwadziwa kulemera kwake. Ankabwera ndi lole. Tinkamva za akazi a m'matauni amene anangonenedwa kuti ndi oyendayenda, n'kutengedwa kupita kumisasa yakutali kumpoto, ati akaphunzitsidwe khalidwe. Ena sanabwerere. Ndiye amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Luiza iwe, usayerekeze. Pepala limatha lokha, chiswe chilipo."

Chiswe! Ndinadikira chiswe mwezi wathunthu. Kukhala pansi kunkandikanika, monga kukundikanikira pano. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndinasenza nandolo kupita naye kutsidya kwa malire, ku Limbuli, ati kukasinthanitsa ndi sopo, koma kwenikweni ndinkafuna tsiku limodzi loyenda pakati pa anthu osandidziwa. Tinkanyamuka kusanatenthe, kudutsa m'minda ya tiyi, kuwoloka mtsinje pamalo obisika, madzi m'mawondo, poopa amilisiya, alonda a mfuti a boma. Inu lero mumakwera njinga yamoto n'kumadandaula fumbi. Tsiku limenelo kutsidyako kunali msonkhano. Ndinaona amayi mazanamazana atavala nsalu imodzimodzi yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wawo, pachifuwa ndi kumbuyo komwe, atawatsitsa m'malole kuti avine, abambo a majekete atakhala pamipando kuonerera. Mayi wina wogulitsa sopo anandinong'oneza kuti wasiya mwana wodwala kunyumba, koma kukana kuvina sikutheka, akungodikira kuti amuitane. Ndinabwerera ndikuganiza: kuno atipatsa khasu, uko awapatsa ng'oma, koma konsekonse mkazi ndi woimika kutsogolo kuti anthu aone.

Selina, sindikunena kuti usajambulidwe. Nkhope ndi yako, ndipo ndi yabwino, unatengera ine. Ndikungoti woyang'ana chikwangwani sudzamusankha iwe, ndipo tsiku limene udzafune kuti chitsike udzapeza kuti chili ndi mwini wina. Ukawafunse a kampaniwo kuti wotsitsa ndi ndani. Ukaone ngati akakuyankhe.

Nditabwerako ku Limbuli sindinauze munthu. Ndinasinja makala, ndinasakaniza ndi mafuta a nsatsi m'chigoba. Ndinasankha tsiku la msika, dzuwa lili pamutu, kuti pasapezeke wonamiziridwa. Ndinalowa m'lozha modzaza anthu, ndinakwera pa bokosi lopanda kanthu, ndinaviika zala zitatu. Chithunzicho sindinaching'ambe ayi. Ndinangokweza kapulana wa pachithunzipo, kupaka kuchokera m'chiuno mpaka pamene bulauzi inathera. Ndinapaka bwinobwino, osathamanga, mpaka mkanda womaliza.

"Iwe! Iwe mtsikana!" anakuwa wogulitsa. "Wandiphetsa!"

Amilisiya awiri anandigwira manja akadali akuda.

M'mawa mwake anaitanitsa anthu onse pansi pa mtengo wa mango wa pamsika. A Bonifasiyo anakhala patebulo, Mayi Zita pambali pawo, chithunzi chija atachiyala kuti onse aone mlandu. Ine anandiimika pakati. Amalume anali kutsogolo, jekete yomwe ija. Arimando ndinamuona kumbuyo, atanjuta pafupi ndi njinga imene ankakonza.

"Kamarada Luiza, chithunzi ichi ndi cha yani?" anafunsa a Bonifasiyo.

"Changa."

"Ayi. Ndi cha povo."

"Nanga chiunocho?"

Anthu anaseka. A Bonifasiyo anamenya tebulo. Mantha ndinali nawo, koma pakamwa panali patatseguka kale.

"Munatiuza nokha pakhonde paja kuti mkazi si katundu. Ndinayankha nawo abasho."

"Chija chinali chogulitsira mowa. Ichi ndi chophunzitsa anthu."

"Aphunzirapo chiyani abambo awa? Afunseni kuti mawu alembedwa pansipo akuti chiyani."

Abambo ena anayang'ana m'mwamba mwa mango. Ndinayesa kuti ndawina. Pamenepo a Kaphesi, amene anali atalawa kale kachasu, anaimirira.

"Taphunzira ndithu, a sekeretariyo! Taphunzira kuti ndi yoyera! Mkangano unatha kalekale. Anatiuza mwini wake Arimando, poti iye anaiwerenga ndi manja!"

Msika wonse unagwa ndi phwete. Ndinatembenuka kuyang'ana Arimando. Ndinkadikira kuti aimirire, anene kuti mdalayu waledzera. Iye anaweramitsa mutu n'kumazunguza pedulo ndi dzanja, tcheni chikulira. Ndipo ankamwetulira. Pang'ono pokha, koma ndinaona.

Munthu ameneyu anali asanandigwirepo ngakhale pamkono.

Zimene zinanenedwa pambuyo pake ndinazimva ngati zili kutali. Ndikukumbuka kuti Tereza anaimirira, mwana kumsana, osatsekanso pakamwa.

"A sekeretariyo, ine sindidziwa kuwerenga. Koma khasu lili pamenepo silinalimepo, bulauzi si yake, ndipo tsiku limenelo mwanayu sanathe mzere. Ngati kuli kuononga, pepalalo linabwera loonongeka kale. Mayi Zita analipo, anene."

Mayi Zita anayang'ana zala zawo za kumapazi.

A Bonifasiyo anaona kuti amayi ayamba kung'ung'udza. Za lole sanazitchule. Anagamula kuti ndikalambule msewu wa ku Majaua mwezi umodzi, ndi khasu langa, chakudya changa. Chithunzi anachipinda, poti chodetsedwa sichikanabwerera pakhoma, alendo a boma akanafunsa. Kumene chinapita sindidziwa. Sindinaone moto.

Mwezi umenewo ndinalima kuposa moyo wanga wonse. Udzu wa m'mbali mwa msewu, miyala, fumbi la mwezi wotentha. Tinalipo asanu ndi mmodzi: wina anagwidwa ndi shuga wa kutsidya, wina anajomba kumunda wa povo. Odutsa pa njinga ankaliza belu n'kuitana dzina lija. Sindinkadzutsa mutu. Ndinkangoona kumwetulira kuja, khasu lililonse limene ndinkaponya.

Nditamaliza, pasanathe masiku atatu, anabwera. Anali masana, amayi akupeta nandolo. Amalume ake a Arimando kutsogolo, iye pambuyo atavala malaya ochapa. Amalume anga anawayalira mphasa pansi pa mtengo. Ine ndinakhala chapatali ndi amayi, monga mwa mwambo, poti pa nkhani za ankhoswe mtsikana salankhula.

"Zija zatha," anatero amalume ake. "Pakhoma palibenso kanthu. Mwana wathu wakhululuka. Tikuti mawu athu akale aja apitirire."

Wakhululuka. Amayi anandigwira bondo mokondwa. Amalume anga anayamba kuwomba m'manja. Ine ndinayenda ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa mphasa.

"Amalume, ndipempheko mawu amodzi."

"Luiza, si malo ako ano."

"Amodzi okha. Pamsika ndinalankhula pamaso pa mfuti, pano pali inu nokha."

Anapumira m'mwamba n'kugwedeza mutu movomera.

"A Arimando, munauza anthu kuti ndi yoyera. Munaiona kuti?"

"Aaa, Luiza, zimene zija zinali zocheza za amuna." Anaseka pang'ono, kuyang'ana amalume ake kuti amuthandize. "Tsiku lililonse ankandifunsa, iwe mwini wake tatiuza. Ndikanati sindidziwa akanandiseka. Mwamuna wanji wosadziwa za mkazi wake?"

"Ndiye munasankha kuti aseke ine."

"Si choncho."

"Nenani pano, amalume anu amve. Munaiona?"

Anatola kamtengo n'kumalemba pansi. "Sindinaione."

"Munandigwirapo?"

"Ayi."

Amayi anatulutsa mpweya ngati atula mtsuko. Ndinazindikira pamenepo kuti nawonso, amayi anga ondibereka, mwezi wonsewo ankaganiza kuti n'zoona.

Ndinkamufunabe nthawi imeneyo, ana inu. Mtima sumva msanga. Ndiye ndinamupatsa njira.

"Chabwino. Tsiku la msika likubwerali mukaime pakhonde la lozha, mukanene mawu omwewa, a Kaphesi amve, onse amve. Mukatero bwerani, mudzandipeza."

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Zimenezo sindingathe," anatero. "Ntchito yanga ili pamsika pomwe paja. Ndingakhalepo bwanji?"

"Ine ndakhalapo bwanji?"

Ndinatembenukira kwa amalume anga.

"Amalume, abwezereni mawu awo."

"Mwanaka!" analira amayi. "Ndi dzina limeneli adzakukwatira ndani?"

"Kaya, amayi."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavala chipewa chawo, alendo akadali pamphasa, n'kunena kuti, "Mwamva nokha. Muyende bwino."

Ndinakhala zaka zitatu wopanda wondifunsira. Dzina lija linakhala nthawi yaitali kuposa pepala, ndipo pali nkhalamba ziwiri ku Mongue zimene zikhoza kulikumbuka, n'chifukwa chake maliro a kumeneko ndimapita mochedwa n'kubwerako msanga. Agogo anu aamuna anachokera ku Molumbo, anabwera kudzagula makasu kwa a Mponda. Ndinawauza zonse tsiku loyamba, tili chiimire panjira, kuti asadzamve kwa ena. Anangoti, "Ndamva." Ndinakhala nawo zaka zonse zija ndikuwatchera khutu, pamowa, pamaliro, pa bawo, kudikira tsiku limene adzatsegule pakamwa za m'nyumba. Mpaka tinawaika m'manda sindinawagwire.

Fatima, ndikukudziwa. Ukangofika pano uthamanga kudzandifunsa kuti nanga inali ya mtundu wanji. Sinali yoyera. Zotsalazo si zako.